Tsitsi Lobwereka pa Maliro a Laou

Lanvezeg, 9 Epulo 1945

Mwana wanga Soazig,

Ndine mayi ako, Perrina. Akundigwirira cholembera ndi a Katell, monga mwa masiku onse, poti ine zilembo ndimangoziona ngati mapazi a nkhuku pamatope. Wadzuka bwanji kumeneko ku Paris, iwe ndi amayi ako aang'ono a Jenovefa? Kuno tilipo. Ng'ombe yokha ndiyo yayamba kutsokomola.

Nkhani ndi iyi. Mlongo wako Laou ampeza. Anthu odula mitengo ndiwo anakumba dzenje momwe Ajeremani anakwiriramo anyamata asanu aja. Ndinapitako ndekha. Ndinamuzindikira ndi sokosi, zija ndinamulukira ndi ubweya wotsala, ina yotuwa ina yakuda. Zina usandifunse.

Bambo mfumu ati amuika m'manda a kutchalitchi, pafupi ndi bambo ako, pa 20 Juni. Kudzakhala mbendera. Anyamata omwe anali naye kutchire pomenyana ndi Ajeremani ndiwo adzanyamule bokosi, ndipo Jakez wa a Katell adzakhala patsogolo. Kumbuyo kwa bokosi kumayenda mayi ndi mlongo. Laou alibe mlongo wina. Ukapemphe masiku kuhotela komwe umachapa zofunda kuja, uyambe lero kupempha.

Pa Khirisimasi sunabwere. Pa Pasaka sunabwere. Chithunzi chimene unalonjeza, mpaka lero wapositi amangondigwedezera mutu.

Za m'mudzi palibe zambiri. Lenaig wa kuchigayo sanatulukebe m'nyumba chiyambire tsiku lija la Ogasiti anamumeta mpala pabwalo chifukwa cha chibwenzi ndi msilikali wa Chijeremani. Amake amabwera ku Misa okha, ndipo benchi lonse limakhala lawo. A Katell akuti ndisalembe zimenezo, akuti zikudetsa pepala. Lembani, a Katell, pepalalo ndagula ndine.

Ndakutumizira batala ndi nyama ya nkhumba yamchere. Mugawane.

Mayi ako

Paris, 21 Epulo 1945

Amayi,

Moni. Kalata yanu ndalandira, batala nayenso wafika asanasungunuke. Za Laou ndamva. Ndinawerenga kamodzi, sindinathe kubwerezanso.

Za kubwera sindikudziwa. Masiku ndi ovuta kuwapeza, ndipo sitima zikuyenda mwa apo ndi apo. Ndiyesa.

Ndili ndi chopempha. Koefu yanga ija timavala kumutu akazi a kwathu, yoyera ya lesi imene ndinasiya m'bokosi pochoka, ikadalipo? Munditumizire, pamodzi ndi kachipewa kakuda kamkati. Chinanso, munkatiuza kuti muli mtsikana munagulitsa tsitsi lanu kwa wamalonda pa chikondwerero, agogo aamuna osadziwa chaka chathunthu. Munkavala bwanji kuti asaone? Ndikungofunsa.

Chithunzi ndidzajambulitsa nyengo ikatentha.

A Katell, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerenga. Moni kwa inunso.

Mwana wanu,
Soazig

Lanvezeg, 1 Meyi 1945

Mwana wanga Soazig,

Moni wa mayi ako. Ndaseka lero koyamba chiyambire dzenje lija. Iwe amene unaitaya koefu n'kunena kuti ku Paris amakuseka nayo ngati wasenza tchizi pamutu, lero ukuifuna? Ine sindine mwana. Mtsikana akafuna koefu ya kwawo ndiye kuti pali mwamuna wa kwawo. Ndani? Ndi wa kuno? Ali ndi munda kapena ndi wa m'madzi? Ngati ndi wa m'madzi ndiuziretu ndiyambe kulira.

Ndaichapa, ndaiumitsa ndi sitachi, ndaikulunga. Ikubwera ndi positi ya mawa.

Za tsitsi langa wandikumbutsa kutali. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Wamalondayo ankabwera chaka ndi chaka, n'kumanga kachisakasa kuseri kwa tchalitchi, mipango yofiira ili lendelende pachingwe. Atsikana tinkalowa mmodzimmodzi. Iye ankadula kumbuyo ndi pakati, n'kusiya mzere wa kutsogolo. Mzere umenewo ukaupesa bwino n'kuvala koefu, ngakhale bambo ako okubereka sangadziwe. Ena omwe anawadula moipa ankasokerera katsitsi pa kansalu n'kukamangira mkati mwa kachipewa. Ine tsitsi lofika m'chiuno ndinasinthanitsa ndi mpango umodzi, ndipo mpangowo unasuluka ndi mvula yoyamba. Chitsiru chinali ine.

Za masiku usandiuze zimenezo. Ukawauze a kuhotela kuti mlongo wako anafera dziko lino iwo akuyalira Ajeremani mabedi.

A Katell aika cholembera pansi. Akuti, nanga mtsikana wa tsitsi lonse lija afunsiranji za kubisa mutu? Ndawayankha kuti ana amafunsa zilizonse. Iwo akuti, ana. Ine ndati lembani tsiku titseke. Koma iwe Soazig, mawu awowo andikhala pachifuwa ngati mbatata yosapsa. Yankha msanga.

Mayi ako

Paris, 19 Meyi 1945

Alamu a Herri,

Ndine Jenovefa. Kalatayi ndalembera inu dala. Muwatenge achemwali anga a Perrina mupite nawo kumunda, mukawawerengere komweko. Kwa Katell isafike. Pakamwa pa mayi ameneyo n'pa msika.

Achemwali, khalani pansi. Ukwati kulibe. Soazig alibe tsitsi.

Musakuwe, mverani kaye. Palibe anamumeta. Linayamba lokha mu Novembala, atangomva kuti Laou anamuwombera. Tsiku lina ndikumupesa ndinaona kadazi kuseri kwa khutu, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Kenaka awiri. Kenaka chipeso chinkangotuluka chodzaza. Pofika Febuluwale mutu wonse unali see, nsidze zomwe zinapita.

Musaganize kuti tinangokhala. Dokotala anamuwalitsa ndi nyali ina yabuluu, anamubaya jakisoni m'mutu momwemo, osathandiza. Ine ndinamupaka anyezi, mafuta a m'fupa la ng'ombe, mpaka palafini. Mwana ankangonunkha ngati khitchini, tsitsi osamera.

Tinapita kwa wosoka mawigi. Ya tsitsi la munthu mtengo wake ungagule ng'ombe, komanso pali mzere wa miyezi itatu, chifukwa onse ometedwa aja akuthamangira komweko. Bamboyo anamuyang'ana Soazig kuyambira kumapazi, n'kunena kuti, musade nkhawa mayi, kuno sitifunsa mafunso. Mwana analembetsa dzina n'kutuluka. Zotchipa ndi za mchira wa hatchi, ukavala umaoneka ngati wasenza mphaka wakufa.

Ndiye amangomanga duku. Kuno akazi ambiri amamanga, poti sopo kulibe, choncho poyamba zinkayenda. Koma mwezi watha m'sitima ya pansi pa nthaka mwamuna wina anangolikoka dukulo. Anthu anamuzungulira. Mayi wina anamulavulira. Anali ndi kalata ya dokotala m'chikwama, koma achemwali, munthu amene akulavula sawerenga. Anapulumuka chifukwa chitseko chinatseguka. Kuhotela anamuchotsa sabata lomwelo, akuti alendo akufunsa.

Tsiku limene nkhondo inatha mzinda wonse unali mumsewu kuvina. Iye anali pansi pa tebulo langa, akuti phokosolo likufanana ndi lija la m'sitima.

Akuopa kubwera. Akuti kwanu kuli Jakez, ndipo lumo lake analiyesera kale pa Lenaig. Ine ndamuuza kuti asapite. Laou wafa, sadzawerenga anthu.

Mng'ono wanu,
Jenovefa

Lanvezeg, 3 Juni 1945

Mwana wanga Soazig,

Moni. Lero akulemba ndi abambo ako aang'ono a Herri. Tili pakati pa kabichi, iwo akhalira ndowa, pepala lili pabondo. Vuto ndi lakuti makutu awo anatha ndi mizinga ya nkhondo yoyamba ija, ndiye chinsinsi ndikuchita kukuwa. Akhwangwala onse a Lanvezeg akudziwa kale.

Mwana wanga, mwana wanga. Miyezi isanu ndi iwiri, ine ndikukutumizira batala.

Jenovefa akuti usabwere. Jenovefa anachoka kuno kalekale, waiwala. Ukapanda kubwera ndiye kuti wavomera. A Katell ayamba kale. Anandipeza pachitsime, akuti, a Perrina, masiku ano makalata akukulemberani angelo? Ndati maso anu ndikuwapumitsa. Akuti, maso anga ndi akuthwa, amaona ndi zimene sizinalembedwe. Ndipo Jakez ananena kumowa, a Herri ali pomwepo, kuti atsikana a ku Paris obwera atafunda mitu tidzawalonjera ndi manja awiri. Zimenezo a Herri anamva bwinobwino, ugonthi wawo umasankha.

Ndiye mvera. M'tchalitchi ndi kumanda tidzavala zofunda zakuda zamaliro zija, zokhala ndi chisoti chofika pamphuno. Pamenepo palibe angaone kanthu. Koma ukudziwa mwambo. Pachipata cha manda timagwetsa chisoticho kumbuyo, n'kuima kuti aliyense atipsompsone. Pamenepo pamafunika koefu, ndipo koefu yathu imaonetsa tsitsi pamphumi ndi m'khosi.

Langa ndi loyera ngati la mbuzi yokalamba. Lija ndimasunga m'kathumba likatsalira pachipeso nalonso ndi loyera. Kupempha kwa mtsikana aliyense ndi kuliza belu. Ndinaganiza masiku anayi. M'mudzi muno muli nyumba imodzi yokha momwe muli tsitsi lalitali lopanda mutu.

Ndinapita kuchigayo masana, anthu ali kuminda, ndinadzera kumtsinje. Amake a Lenaig anatsegula pang'ono. Akuti, mwasochera, a Perrina? Chaka chino palibe wagogoda pano. Ndinawauza zonse nditaimirira. Anakatsegula bokosi n'kutulutsa kanthu kokulunga m'nsalu ya ubatizo. Akuti analitola okha pabwalo tsiku lija, anthu atabalalika, n'kulichapa katatu. Ndinamva munthu akuyenda m'chipinda chapamwamba. Kenaka mawu anatsika, akuti, apatseni, Amayi, ine lidzandithandiza chiyani.

Ndalisokerera pa kansalu, mzere wa kutsogolo ndi mfundo ya kumbuyo. M'nyumba muno ndikaliyang'ana ndi lako lenileni. Ubwere ndi koefu ndi kachipewa.

Pobwerera ndinapeza a Katell akuchapa kumtsinje. Anandiona. Sanandipatse moni, anangosiya kumenya chovala.

Chinthu chimodzi. Muhotela muja munkagona Ajeremani zaka zinayi. Ine sindikufunsa kanthu. Koma ngati pali chimene mayi ayenera kudziwa asanaime pachipata, ndi bwino achimve kwa mwana wake. A Herri akukana kulemba zimenezi. Akuti ndidzanong'oneza bondo. Lembani, alamu.

Mayi ako

Paris, 11 Juni 1945

Amayi,

Moni. Ndifika pa 19, ndi basi ya masana. Musabwere kudzandichingamira, ndidzadzera kuseri kwa sukulu.

Amayi aang'ono abisa chikwama changa kawiri. Koma Laou ankandiperekeza kusukulu atandigwira dzanja chifukwa ndinkaopa atsekwe a kwa Naig. Sangapite kumanda yekha.

Funso lanu ndalimva. Sindiyankha.

Soazig

Lanvezeg, 23 Juni 1945

Mng'ono wanga Jenovefa,

Moni. Ndikhulupirira mwana wafika. Ndikudziwa kuti sakuuza kanthu, ndiye ndikuuze ine. Alamu, musasiye liwu ndi limodzi, ngakhale londinyozetsa.

Anafika ndi duku lobiriwira, wowonda ngati chikwapu. Nsidze anachita kujambula ndi pensulo. Ndinati vula ndikuyese kansalu kaja. Anakatenga m'manja mwanga, n'kulowa pabedi lathu lija longa kabati, n'kutseka zitseko zake. Anatuluka atavala kale koefu. M'mawa mwa maliro chimodzimodzi. Ndiye umve bwino, Jenovefa. Mutu wa mwana wanga ine ndinali ndisanauone.

Misa inayenda. Kumanda anaomba mfuti m'mwamba, Soazig anandifinya dzanja mpaka chala chinachita dzanzi. Laou tinamuika. Dzuwa linali lija lowawula, mkati mwa zofunda zakuda thukuta lili chuchuchu.

Tinafika pachipata. Tinagwetsa zisoti. Anthu anayamba kudutsa, tsaya ili, tsaya ili. Anadutsa khumi, anadutsa makumi awiri. Ndinayamba kupuma. Kenaka a Katell. Anamupsompsona, osamusiya. Akuti, iwe Soazig, tsitsi lako linali lakuda ngati la bambo ako, lafiira liti?

Ndinatembenuka. Mayo ine! Ndinalifananiza m'nyumba, m'kamdima ka mawindo athu aang'onowa, ndi maso a nkhalamba. Padzuwa linali kuyaka ngati ubweya wa nkhandwe. Mudzi wonse umadziwa mutu umodzi wokha wa mtundu umenewo.

Jakez anali kumbuyo kwa amake, lamba wa mbendera ali pamkono. Anayang'ana nthawi yaitali. Akuti, tsitsi ilo ndikulidziwa ine, linali m'manja mwangamu.

Bambo mfumu anali atapita kukavula zovala za Misa.

Jakez akuti, vula.

A Herri anaima pakati ndi ndodo yawo. Akuti, iwe Jakez, unalowa kutchire kutatsala masabata awiri kuti Ajeremani athawe, nkhondo yako yonse unamenya ndi mitu ya atsikana, lero ukufuna mendulo ina? Ena anaseka, koma anzake a Jakez atatu anabwera n'kuwasuntha a Herri ngati mpando. Wina kumbuyo anakuwa kuti, hule la ku Paris pa manda a ngwazi! Mayi wina anati, chivuleni tione! Ndinaona mwamuna wina akuwerama kutola mwala wa pampanda. Ndinafuna kunena kuti mwanayu wadwala, koma lilime linakana, chifukwa pansi pa mtima ndinkati, nanga akavula tikapeza ziputu?

Soazig anati, usandikhudze, ndivula ndekha.

Anayamba kuzula mapini, imodziimodzi, akundipatsira ine m'manja. Anachotsa koefu. Anachotsa kachipewa ndi tsitsi lomwe. Kenaka ananyowetsa chala ndi malovu n'kufufuta nsidze zonse ziwiri.

Jenovefa, iwe unazolowera. Ine ayi. Mutu woyera, wosalala, mitsempha ikuoneka, ngati wa khanda lobadwa masiku asanakwane.

Gogo Naig, uja wameta nkhosa za mudzi uno zaka makumi asanu, anakankha anthu ndi chigongono. Akuti, werama, mwana. Anayendetsa chikhatho kuyambira pamphumi mpaka m'khosi, n'kubwereranso mokwera, monga amachitira pa nkhosa. Anamuyang'ana m'zikope. Akuti, apa lumo silinapitepo. Chometa chimasiya ziputu, ndipo palibe lumo lometa zikope. Uyu wadwala. Iwe Jakez, chotsa chipewa, uli pa maliro.

Anthu anayamba, kalanga mwana, kalanga mwana. Uja wa mwala anauponya pansi mwakachetechete. A Katell analira kuposa onse.

Ndipo ine, mayi wake, ndinatulutsa mpweya n'kunena mokweza kuti, zikomo Mariya Woyera!

Soazig anandiyang'ana. Ngakhale Jakez uja, mwana wanga sanamuyang'ane choncho. Anandiyang'ana ine. Akuti, inunso mumadikira Naig, Amayi?

Amake a Lenaig anali ataima kunja kwa mpanda, okha. Soazig anadutsa pakati pa anthu mutu uli pamtunda, anakawapatsa kansalu kaja ndi manja awiri. Akuti, mumubwezere, mumuuze kuti ndathokoza. Kenaka anatembenukira anthu. Akuti, likanakhala lumo, Laou akanaleka kukhala mlongo wanga?

Chakudya cha maliro sanadye. Anatenga chikwama n'kuyamba wapansi msewu wa kusiteshoni. A Herri anamupeza ndi ngolo pamlatho. Anamufikitsa kusiteshoni.

Tsopano mudzi wonse ukundibweretsera mazira. Akuti mwana wanu ndi woyera. Ine ndikamva mawu amenewo ndimafuna kubisala m'khola. Mapini aja ndikadali nawo m'thumba la epuloni.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Mmodzi ndamuika m'nthaka. Ndikuopa kuti winayu ndamuika ndekha ndi pakamwa panga. Ngati angalole, umuwerengere kalatayi. Sindikupempha kuti anene kuti sindinalakwe.

Mkulu wako,
Perrina

Paris, 29 Julayi 1945

Amayi,

Moni. Kalata yanu amayi aang'ono anandiwerengera tsiku lomwe inafika. Ndakhala mwezi ndisanathe kugwira cholembera.

Ndapeza ntchito yosoka malaya. Dokotala akuti tsitsi likhoza kumera, likhozanso osameranso. Wosoka mawigi uja watumiza mawu kuti mzere wafika pa ine. Ndamuuza apatse wina. Ndatopa ndi kugwira mutu nthawi iliyonse mphepo ikaomba.

Ndibwera pa 15 Ogasiti, tsiku la chikondwerero, ndi basi ya masana. Sindidzamanga kanthu. Musandisokere kanthu.

Ndakhala ndikulemberana ndi Lenaig. Tsitsi lake lafika m'makutu. Chaka chatha osaona msewu. Ndikatsika basi ndidzapita kuchigayo kukamutenga, tidzayenda limodzi pa mdipiti kumbuyo kwa mtanda. Iye akuopa. Inenso ndikuopa. Ine Naig anandiyeretsa, koma iye alibe womuyeretsa, ndipo amene adzayende naye mazira adzasiya kumubweretsera.

Sindikukukakamizani. Mukakhala kunyumba ndidzabwera kudzakuonani madzulo, ndipo sindidzanena kanthu.

Soazig

Lanvezeg, 6 Ogasiti 1945

Mwana wanga Soazig,

Moni. Tilinso pakati pa kabichi.

Wasankha tsiku loti midzi isanu idzakhala pabwalo, amuna atamwa kuyambira m'mawa. Wasankha dala, ndikukudziwa. Nkhani yamveka kale, poti wapositi amawerenga kumene makalata a kuchigayo akuchokera. Jakez akuti Lenaig akangoponda pabwalo, zija za chaka chatha zidzakhala zochepa. Dzulo wina waswa windo la kuchigayo. Ndapita kwa bambo mfumu, iwo akuti mdipiti ndi wa aliyense, koma ponena anali kuyang'ana nsapato zawo.

Ndikuopa, mwana wanga. Ndikanama n'chiyani. A Herri akuti adzabwera ndi ndodo, ndawauza kuti ndodo yawo tinaiona kale ntchito yake.

Basi ikamadzaima, udzayang'ane pawindo. Ndidzakhala pamenepo. Kuchigayo tidzadzera msewu waukulu, osati kumtsinje. Pa mdipiti ine ndidzakhala pakati, iwe dzanja ili, Lenaig dzanja ili. Wofuna kuponya mwala adzayambe wawerenga bwino, kuti angagende mayi wa Laou.

Koma muzidzayenda pang'onopang'ono. Ndakalamba.

Mayi ako,
Perrina